Nyengo Yasintha: Kodi Dontho la Mvula Likagwa Limapita Kuti?

Nkhani yathu ya lero ndi ya nyengo. Nkhani imeneyi ikukambidwa m'minda, pachitsime, kuchigayo ngakhale pamaliro pomwe, pakuti palibe mlimi amene sanaone kuti mvula ya masiku ano siikuyendanso monga inkayendera kale. Tifotokoza chimene chasintha ndi chimene chachititsa kusinthako, ndipo kenaka tiona zimene banja lililonse lingachite pakhomo pake popanda kudikira ndalama zochokera kwina.

Kale ndi lero

Makolo athu ankadziwa nyengo poyang'ana mitengo, mphepo ndi mitambo. Mitengo ya mombo ikaphuka masamba ofiira, ankadziwa kuti chilimwe chafika. Mu Okotobala kunkagwa chizimalupsa, mvula ija yogwera pa phulusa la tchire lopsa, ndipo mlimi akaiona ankafulumira kumaliza kusosa ndi kulima mizere. Mvula yobzalira inkayamba mu Novembala m'chigawo cha kumwera, n'kumakwera pang'onopang'ono kufika pakati ndi kumpoto mu Disembala, ndipo inkagwa mpaka Malichi kapena Epulo. Ikatha, kunkabwera mwera panyanja ndi chiperoni m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje.

Sitikunena kuti kale kunalibe masoka ayi. Agogo athu amasimba za njala ya 1949, pamene anthu ankayenda mitunda italiitali kukasuma. A ku Zomba amakumbukira Napolo wa mu Disembala 1946, ndipo a ku Phalombe sadzaiwala Napolo wa mu Malichi 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Chilala cha 1992 chinatidyetsa chimanga chachikasu chochokera kunja. Koma masoka amenewa ankabwera motalikirana. Pakati pa tsoka lina ndi linzake, banja linkapeza zaka zodzaziranso nkhokwe, kugulanso mbuzi ndi kumanganso nyumba.

Tsono taonani zimene zachitika kuyambira mu 2015. Mu Januwale chaka chimenecho madzi anasefukira m'maboma 15, ndipo anthu oposa 200,000 anathawa m'nyumba zawo, makamaka ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe. Chaka chotsatira, 2016, kunali chilala, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anasowa chakudya chokwanira. Mu 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa kwambiri, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, ndipo asodzi a matemba anaona mabwato awo ali pamatope ouma. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe Idai. Mu 2022 anamondwe awiri, Ana ndi Gombe, anatsatizana m'miyezi itatu yokha. Mu Malichi 2023 kunadza namondwe Freddy, amene anagumula mapiri a Soche ku Blantyre ndiponso mapiri ena ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Misozi isanaume, ng'amba ya 2024 inapsereza chimanga, ndipo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi ya njala. Chaka chomwecho, pamene kumwera kunkapsa, ku Nkhotakota madzi anasefukira ku Dwangwa, ndipo nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete mwake.

Chimene chasintha, omvera, n'chakuti masoka akubwera mothithikana, kutentha kwawonjezeka, ndipo mvula ikubwera mwaukali m'masiku owerengeka n'kudula kwa masabata angapo chimanga chili pa ngayaye.

Chachititsa n'chiyani?

Dziko lapansi lazunguliridwa ndi mpweya, ndipo mu mpweyamo muli mitundu ina imene imagwira ntchito ngati bulangete. Dzuwa likawomba, nthaka ndi nyanja zimatentha, kenaka zimabweza kutenthako kumwamba. Mipweya ija imasungako gawo lina la kutenthaku kuti lisathawe lonse. Popanda bulangete limeneli, dziko likanazizira kwambiri moti sitikanatha kulima. Vuto n'lakuti anthu akhala akuwonjezera mabulangete pamwamba pa linzake.

Waukulu mwa mipweya imeneyi ndi mpweya wa kaboni, umene umatuluka tikawotcha malasha, petulo, dizilo, gasi ndi mitengo. Mafakitale asanayambe ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700, mpweya wa kaboni unali magawo pafupifupi 280 pa magawo 1 miliyoni alionse a mpweya. Lero wapitirira magawo 420. Zotsatira zake n'zakuti dziko lonse latentha ndi madigiri opitirira 1 poyerekeza ndi zaka za pakati pa 1850 ndi 1900, ndipo chaka cha 2024 chinaposa zaka zonse zam'mbuyo mwake zimene anthu anayezapo, pofika pafupifupi madigiri 1.5.

Wina angafunse kuti, kodi digiri imodzi n'chiyani, popeza masana ndi usiku zimasiyana ndi madigiri khumi? Taganizani za thupi la mwana. Kutentha kwake kukachoka pa 37 kufika pa 38.5, mayi sagona, amathamangira kuchipatala. N'chimodzimodzi ndi dziko. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chochuluka: pa digiri iliyonse yowonjezera, umanyamula chinyezi china chokwana magawo 7 pa 100 alionse. Choncho mvula ikati igwe, imakhuthuka yambiri nthawi imodzi. Ndipo ikadula, dzuwa lotentha limayamwa msanga chinyezi cha m'nthaka, mbewu n'kufota m'masiku ochepa. Chigumula ndi chilala zikuchokera pa gwero limodzi.

Anamondwe nawo amapeza mphamvu kuchokera ku madzi ofunda a m'nyanja zikuluzikulu. Freddy anabadwira pafupi ndi Australia kumayambiriro a Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya India, anadutsa pa Madagascar, anagunda Mozambique kawiri, ndipo anakhala masiku 36. Bungwe loona zanyengo padziko lonse linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalapo nthawi yaitali chotero.

Palinso chinthu china chimene mumachimva pa wailesi, chotchedwa El Niño. Uku n'kufunda kwa madzi a m'nyanja ya Pacific cha kufupi ndi dziko la Peru, kumene kumachitika pakapita zaka zingapo. Kukachitika, kawirikawiri mvula imachepa kuno kumwera kwa Africa, monga zinachitikira mu 1992, mu 2016 ndi mu 2024. El Niño ndi wachilengedwe ndipo wakhalapo kuyambira kale, koma tsopano akumapeza dziko litatentha kale, motero ululu wake umakula.

Pamenepa tinene mawu amodzi ofunika. M'midzi ina, mvula ikachedwa, anthu amaloza chala agogo okalamba kuti ndiwo amanga mvula, ndipo ena amenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa kumene. Omvera, mvula imene ikuchedwa m'mudzi mwanu ikuchedwanso ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Palibe gogo amene ali ndi mphamvu yofunditsa nyanja ya Pacific. Kuzunza okalamba ndi mlandu, ndipo sikugwetsa dontho ndi limodzi lomwe.

Mlandu wa eni mafakitale ndi mlandu wathu

Chilungamo chake n'chakuti mpweya wochuluka umene watenthetsa dziko sunachokere kuno. Africa yense amatulutsa magawo osapitirira 4 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi mafakitale, ndipo gawo la Malawi ndi laling'ono zedi. N'chifukwa chake maiko anapangana ku Paris mu 2015 kuti achepetse mpweyawu, ndipo mu 2022 ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt anagwirizana kukhazikitsa thumba lothandizira maiko osauka amene akuwonongekeredwa katundu. Atsogoleri athu ayenera kupitiriza kulankhula molimba pa misonkhano imeneyi.

Koma pali mlandu wina umene uli wathuwathu. Sitingathe kulamula kuchuluka kwa mvula imene igwe, koma tingathe kulamula kumene dontho lipite likafika pansi.

Dontho la mvula likagwa pa mtengo, limayamba lagunda masamba, mphamvu yake n'kuchepa. Limatsetsereka pang'onopang'ono, n'kugwera pa zinyalala zowola, n'kulowa pansi potsata mizu. Pakapita miyezi, dontho lomwelo limatulukira pa kasupe, m'dambo kapena m'chitsime chanu mu Okotobala. Koma dontho likagwa pa nthaka yambee, limamenya dothi ngati nyundo, limatseka timabowo ta nthaka, n'kuyamba kuthamanga. Limakumana ndi anzake, amakokolola chonde pamodzi ndi feteleza amene munagula modula, amakumba zigwembe, n'kukadzaza mtsinje ndi mchenga. Mtsinje wodzala mchenga susunga madzi: nthawi ya dzinja umasefukira, nthawi ya chilimwe umaphwa. Mvula ndi yomweyo, koma mudzi wina yaupatsa madzi akumwa, mudzi wina yaulanda munda.

Pa kalembera wa 1966 m'dziko muno munali anthu 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka tili 17.5 miliyoni. Malo sanakule. Ndipo pa mabanja 10 alionse, oposa 9 amaphikira nkhuni kapena makala. Aliyense amene anaona phiri la Ndirande lili ndi nkhalango akudziwa kumene mitengo yapita. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa likulu lathu, inadulidwa kwambiri kufikira kuti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailondera. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, unatsala pang'ono kutheratu.

Inu a m'tauni musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumudzi kokha. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Dothi lokokoloka m'minda ya ku Ntcheu, Balaka, Neno ndi Mwanza limakathera m'madamu a malo amenewa, ndipo makina amachepa mphamvu. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anavuta koposa chaka chathunthu. Magetsi akazima, a m'tauni amagula makala ambiri. Makala akagulidwa, mitengo imadulidwa. Mitengo ikadulidwa, dothi limapita ku Shire, magetsi n'kuzimanso. Unyolo umenewu tiyenera kuudula penapake.

Tiyambire kukhitchini

Amayi, moto wa pamafuwa atatu umataya kutentha kwambiri m'mbali, ndipo kochepa kokha ndiko kamafika pa mphika. Mbaula ya dothi yotchedwa Chitetezo, imene amayi ambiri aphunzira kuumba ndi kuwotcha m'midzi mwawo, imasonkhanitsa moto pansi pa mphika, motero mtolo umene unkatha masiku awiri umatha masiku atatu kapena kupitirira. Mbaulayi imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Kwa amene amaphikira makala, mbaula yomatidwa dothi m'kati imasunga moto kuposa yachitsulo chokhachokha.

Palinso tizizolowezi tating'ono tosalira ndalama. Viikani nyemba m'madzi usiku wonse, ndipo zidzapsa msanga. Vundikirani mphika. Gwiritsani ntchito nkhuni zouma, zowaza timagawo ting'onoting'ono. Konzeranitu ndiwo, ufa ndi madzi musanasonkhe moto, ndipo mukatha kuphika zimitsani zikuni kuti mudzagwiritsenso ntchito mawa.

Phindu lake silili pa mitengo yokha. Utsi wa m'khitchini umayambitsa chibayo kwa ana, chifuwa chosatha kwa amayi ndiponso matenda a maso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse. Mwana amene ali kumbuyo kwa mayi wake pophika amapuma utsi womwewo ndi mapapo ake anthete. Choncho khitchini ikhale ndi zenera, kapena phikirani panja pamene kunja kuli bwino. Ndipo chizolowezi choyatsira mbaula ndi jumbo chitheretu, pakuti utsi wa pulasitiki ndi poizoni.

Za makala tinene mosabisa. Pofuna kupeza thumba limodzi la makala mu uvuni wa dothi, pamapsa mitengo yolemera kasanu kapena kupitirira apo. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kuwotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo, ndipo zilango zake zinakwezedwa. Komabe bambo amene amakankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kuchokera kuphiri sachita zimenezi posangalala. Amatero chifukwa m'tauni muli wogula. Inu amene muli pantchito ya malipiro, amene mungathe kugula gasi, kuphikira magetsi kapena kugula makala ovomerezeka ochokera ku mitengo yobzala, yambani ndinu. Musamadzudzule wowotcha makala chikhalirecho thumba lake lili kuseri kwa chitseko chanu.

Kumunda

Abambo ndi amayi alimi, ntchito yaikulu pamunda masiku ano ndi kukola madzi. Choyamba, lekani kutentha mapesi. Mapesi ndi zinyalala zikaphimba nthaka, zimatchinjiriza dothi ku mphamvu ya madontho, zimasunga chinyezi nthawi ya ng'amba, ndipo zikawola zimasanduka chakudya cha mbewu. Anyamata osaka mbewa, mbewa khumi sizingafanane mtengo ndi chonde cha munda wonse kapena nkhalango ya mudzi imene yapsa ndi moto wanu.

Chachiwiri, pamalo otsetsereka mizere iyende mopingasa, motsata akalozera. Alangizi a zaulimi angakuphunzitseni kuyeza akalozera ndi kachipangizo ka mitengo itatu kooneka ngati chilembo cha A, kamene mungakhome nokha. Pa akalozerapo bzalani udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira dothi. M'makwalala ikani ngonyeka kuti madzi aime n'kulowa pansi pomwe agwerapo. Kumadera ouma monga Balaka, Neno ndi kuchigwa cha Shire, kubzala m'mayenje othiramo manyowa kumathandiza mbewu kupirira masabata a ng'amba.

Chachitatu, pangani manyowa. Ndowe za ziweto, phulusa, masamba ndi zotsalira za kukhitchini zikawola pamodzi, zimapatsa nthaka mphamvu yosunga madzi ngati chinkhupule. Feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho, koma manyowa amakonza nthaka yeniyeniyo, ndipo ziwirizi zikaphatikizana mlimi amapindula koposa.

Chachinayi, lolani mitengo ina ikhale m'munda. Msangu ndi mtengo wodabwitsa: umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, motero suphimba chimanga, ndipo masamba akewo amasanduka manyowa. A m'mphepete mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi akudziwa kuti chimanga cha pansi pa msangu chimasiyana ndi chinzake. Gilisidiya nayenso amawonjezera chonde mukamadulira masamba ake n'kuwakwirira m'mizere, ndipo nthambi zake ndi nkhuni.

Chachisanu, tisaike moyo wathu wonse pa chimanga. Chimanga chimafuna madzi kwambiri pa nthawi ya ngayaye ndi ndevu, ndipo ng'amba ikagwa pamenepo, chaka chatha. Mapira, mawere, chinangwa, mbatata, nandolo ndi khobwe zimapirira kuposa chimanga. A ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota akhala akudya kondowole kuyambira kale, ndipo a kuchigwa cha Shire amadziwa nsima ya mapira. Gawani munda: mbali ina chimanga chocha msanga, mbali ina mbewu zopirira. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tiphunzire kadyedwe ka anzathu a maboma ena.

Ndipo inu a madimba, siyani mpata pakati pa mbewu zanu ndi mtsinje. Bango, nsenjere, nsungwi, mikuyu ndi katope za m'mbali mwa mtsinje ndizo zimagwira gombe. Mukalima mpaka m'madzi, chaka chino mudzakolola tomato wochuluka, koma chaka chamawa mtsinje udzatenga dimba lonse.

Kubzala ndi kulera mitengo

Chaka chilichonse dziko lino limakhala ndi nyengo yobzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Mbande zambirimbiri zimabzalidwa, anthu amaomba m'manja, koma mukabwerera pamalopo mu Seputembala mumapeza zambiri zitauma, zitapsa kapena zitadyedwa ndi mbuzi. Kubala mwana ndi tsiku limodzi, kulera ndi zaka. Ndi bwino kubzala mitengo 10 n'kuilera yonse kusiyana ndi kubzala 100 n'kuiiwala. Bzalani mvula ikakhazikika, makamaka mu Disembala ndi Januwale, kuti mizu igwire chilimwe chisanafike. Palirani, tchingirani ndi minga, ndipo lambulani m'mbali mwa nkhalango moto usanayambe. Bulugamu amakula msanga ndipo amapereka milimo ndi nkhuni, koma amamwa madzi ambiri, choncho musamubzale pafupi ndi kasupe, dambo kapena chitsime.

Pali njira ina yosalira mbande kapena machubu. Mitengo yathu yachilengedwe monga mombo, tsanya, msuku ndi muwanga ikadulidwa, chitsa chake sichifa msanga. Pansi pamakhala mizu yamoyo imene inakula kwa zaka zambiri. Chitsa chikaphuka, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, dulani zotsalazo, ndipo tetezani malowo ku moto ndi ziweto. Mphukira zotere zimakula msanga kuposa mbande, pakuti zimayamwa ndi mizu ya mtengo waukulu. Midzi imene mafumu ake anapatula nkhalango ya mudzi n'kuika malamulo a kadulidwe yaona phiri likubiriwiranso m'zaka zowerengeka, ndipo bowa, masuku, uchi ndi mankhwala azitsamba zabwerera.

Tisanamizane: mitengo siingaletse tsoka lililonse. Mvula yonga ya Freddy ingagumule ngakhale phiri la nkhalango. Koma phiri lovala limagumuka mwa apo ndi apo, pamene phiri lamaliseche limavulaza anthu ngakhale ndi mvula wamba.

Zinyalala, madzi ndi thanzi

M'matauni mwathu, madzi ambiri osefukira amayamba ndi ngalande yotsekeka. Majumbo, mabotolo ndi matewera otaya zimadzaza ngalande ndi mitsinje monga Mudi ku Blantyre ndi Lingadzi ku Lilongwe, ndipo mvula ikagwa madzi amasowa njira n'kulowa m'nyumba. Jumbo siliwola ngati tsamba; limakhala m'nthaka zaka zambirimbiri, ndipo mbuzi kapena ng'ombe ikalimeza limatseka m'mimba. Mu 2015 boma linaletsa majumbo opyapyala, ndipo mu 2019 bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho, koma lamulo palokha silingalowe m'dengu la munthu aliyense. Popita kumsika nyamulani dengu, basiketi kapena kathumba ka nsalu monga ankachitira amayi athu. Pakhomo kumbani maenje awiri, lina la zowola zimene zidzakhala manyowa, lina la zosawola.

Madzi akasefukira amagumula zimbudzi n'kusakaniza zonyansa ndi madzi akumwa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, namondwe Ana atadutsa, unafika m'maboma onse n'kupha anthu oposa 1,700. Unali mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse imene dziko lino linaonapo. Nthawi ya dzinja wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo mankhwala a kolorini, sambani m'manja ndi sopo, ndipo chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime komanso kumunsi kwake. Kwirirani zithaphwi za pakhomo ndipo gonani m'neti usiku uliwonse, pakuti udzudzu umaswana msanga kukafunda. M'miyezi yotentha ya Okotobala ndi Novembala, ana ndi okalamba azimwa madzi pafupipafupi, ndipo ntchito zolemetsa zigwiridwe m'mamawa kapena madzulo.

Pa kadyedwe, a zaumoyo amatilangiza kudya magulu 6 a zakudya. Zambiri mwa izo zili pakhomo pomwe. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, kholowa ndi chigwada zimamera popanda mankhwala ambiri ndipo zili ndi mphamvu zoteteza thupi. Futsani ndiwo nthawi ya dzinja n'kusunga mfutso m'zikwatu kuti mudzadye m'chilimwe. Madzi otsukira mbale ndi osamba angathe kuthirira kadimba ka kuseri kwa nyumba, mtengo wa papaya kapena nthochi. Mgaiwa uli ndi chakudya chochuluka kuposa ufa woyera, ndiponso sutaya chimanga chambiri pokonola.

Mverani chenjezo

Nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza mmene mvula ikuyembekezeka kugwera dzinja lisanayambe, ndipo imapereka malipoti tsiku ndi tsiku pa wailesi ndi pa mafoni. Funsani alangizi za ulosi wa boma lanu musanagule mbewu. Chenjezo la namondwe likaperekedwa, inu okhala m'zigwa, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'munsi mwa mapiri samukirani kumtunda mvula isanakule. Sungani m'kathumba kosalowa madzi zitupa za unzika, mabuku a kuchipatala, mankhwala, tochi ndi kawailesi ka mabatire. Panganiranitu m'mudzi za amene adzanyamule agogo, olumala ndi amayi oyembekezera.

Phiri lisanagumuke nthawi zina limapereka zizindikiro: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, akasupe otumphuka pamene panalibe, mitengo yopendekeka, mtsinje wosanduka matope mwadzidzidzi kapena kuphwa mvula ili m'kati, ndi mkokomo wochokera kumtunda. Mukaona zotere thawirani cham'mbali, osati kutsata chigwa. Musawoloke mtsinje wodzala, kaya pansi, panjinga kapena pagalimoto. Katundu amagulidwanso.

Mawu otsiriza

Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi akaika akalozera m'munda mwake koma mnzake wa kumtunda osaika, madzi a mnzakeyo adzagumula ntchito yonse. N'chifukwa chake tikupempha inu mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi ndi makomiti a chitukuko kuti muitanitse misonkhano mvula isanayambe. Yendani pamodzi kuchokera pamwamba pa phiri lanu mpaka kumtsinje, muone pamene madzi amayambira kuthamanga, pamene chigwembe chikukula, ndi nyumba zimene zili panjira ya madzi. Mukatero gawanani ntchito, banja lililonse ndi gawo lake.

Ndipo inu omvera, musanagone lero, kambiranani pabanja panu chinthu chimodzi chimene muyambe sabata ino: kaya ndi kuumba mbaula, kaya kukumba dzenje la manyowa, kaya kupatulira mphukira pa zitsa za m'munda mwanu. Mvula ya chaka chino ikadzagwa, idzapeze pokhala m'nthaka yanu.